Sewero la 1984: ndigule tikiti kapena ndingowerenganso buku?

Mayi a Awiri: Abale, ndithandizeni nzeru. Gulu lina la zisudzo likuonetsa 1984, sewero limene Robert Icke ndi Duncan Macmillan analemba kuchokera m'buku la George Orwell. Tikiti yake ndi yodula ndithu, ndipo ndimafuna kutenganso mwana wanga wa zaka 12. Bukulo ndinaliwerenga kale. Kodi ndikaonako chachilendo, kapena ndikangotaya ndalama?

Wokonda Zisudzo: Asisi, gulani, koma mwanayo atsale kunyumba. Pamene seweroli linkaonetsedwa ku New York mu 2017, ana osakwana zaka 13 sankawalola kulowa, ndipo manyuzipepala analemba za anthu akuluakulu amene anakomoka. Ine ndinalionera ku Playhouse Theatre ku London mu 2014. Limatenga mphindi 101 popanda kupumira, mwadala, pokumbutsa za Room 101, chipinda chija amakazunziramo Winston, mwini nkhani wa m'bukuli.

Mphunzitsi Wopuma: Kukomoka kwa anthuko ndi kumene kukundikayikitsa ineyo. Mphamvu ya bukuli ili m'mutu mwa Winston: mantha ake polemba mu dayale, ntchito yake yosintha nkhani zakale kuti zigwirizane ndi bodza la lero, mnzake wa kuntchito Syme akunyadira kuti chaka chilichonse mawu akuchepa mpaka munthu adzasowe mawu oganizira zoukira. Zimenezi zimafuna kuwerenga modekha, kutseka buku, n'kusinkhasinkha. Pa siteji amakupatsa magazi, phokoso ndi magetsi othwanima. Kudzidzimutsa munthu si kumuphunzitsa ayi.

Wokonda Zisudzo: Aphunzitsi, ndikukumvani, koma pali chimodzi chimene buku silinandichitepo. Chipinda chija Winston ndi chibwenzi chake Julia ankabisalamo, pamwamba pa sitolo ya Charrington, sichinali pa siteji. Tinkachiona pa sikirini yaikulu kudzera pa kamera. Awiriwo ali pabedi, akunong'onezana, akuyesa ali okha, ife mazanamazana tili chete, maso onse pa iwo. Mpaka pamene makoma anagumulidwa, apolisi n'kulowa, ndi pomwe ndinazindikira kuti nthawi yonseyo ndimagwira ntchito ya Big Brother, mtsogoleri wa Chipani cholamula chimene chimazonda aliyense, ndipo ndimaikonda. Kenako pomuzunza anayatsa magetsi a mu holo, Winston akutiyang'ana ife, akupempha kuti wina amuthandize. Palibe anadzuka. Mayi amene anakhala pafupi nane anafinya chikwama chake mpaka zala kuchita kunjenjemera. Ine ndinangowerama.

Mlongo Wamabuku: Achimwene, zimenezo zinali za gulu limene munaonera inulo. Gulu lina litha kutenga mawu omwewo koma opanda kamera, opanda makoma ogumuka. Asisi ayambe afunsa kaye. Komanso chiyambi chake chimasokoneza. Pamabwera anthu a m'tsogolo akukambirana dayale ya Winston, zochitika zikubwerezedwa, mwina munthu mmodzi atasowamo. Ndinawerenga seweroli papepala, masamba oyambawo ndinachita kubwereza.

Mphunzitsi Wopuma: Pamenepo pokha ndiwayamikira olembawo. Anthu a m'tsogolowo anawatenga ku zakumapeto kwa buku zofotokoza Newspeak, chilankhulo chatsopano cha Chipani, zimene ambiri timadumpha. Orwell anazilemba ngati akunena zinthu zimene zinatha kale, ndiye ena amati Chipani chija chinadzagwa. Bukuli linatuluka mu 1949, mwini wake n'kumwalira mu Januwale 1950, mkanganowo anatisiyira ife. Ndinaliphunzitsa zaka zambiri, koma masamba amenewo sindinawapatse nthawi yokwanira, ndipo zimandiwawa.

Wokonda Zisudzo: Ndiye mwaona, aphunzitsi. Ine ndinatuluka mu holomo n'kukatsegula masamba omwewo usiku womwewo.

Mphunzitsi Wopuma: Chabwino, mwana wanga. Koma amene sanawerenge bukuli asaganize kuti tikiti yalowa m'malo mwake. Chifukwa chimene O'Brien, mkulu wa Chipani wozunza Winston, akupereka, choti Chipani chimafuna mphamvu chifukwa cha mphamvu basi, chimamveka bwino ukachiwerenga wekha, osati uli m'kati motseka maso kuopa makoswe omuzunzira Winston.

Mayi a Awiri: Zikomo nonse. Ndawaimbira foni, akuti kamera ndi sikirini zilipo. Ndigula tikiti imodzi, mnyamatayo atsale ndi azakhali ake, bukulo ndidzamupatsa akakulako. Achimwene, ndikhale kutsogolo kapena chakumbuyo? Magazi sindigwirizana nawo.

Wokonda Zisudzo: Pakati, asisi, pampando wa m'mbali mwa njira. Sikirini mudzaiona yonse, ndipo zikakuvutani mutha kutuluka osapondapo anthu.