XSD ikukana use="required" ndi default pa attribute imodzi

wa_backend: Akuluakulu thandizeni, kuyambira m'mawa ndili pa schema imodzimodziyi ya XSD (malamulo a kapangidwe ka mafailo a XML). Ndikufuna <kulemera muyezo="kg">12.5</kulemera>, poyamba ndinaika attribute mu simpleType inakana, ndasintha kukhala complexType ya simpleContent ndi extension base="xs:decimal" zatheka, koma pano ndalemba use="required" default="kg" Xerces (parser imene ndikuchitira validate) ikungondiponyera error ya src-attribute.2 pamene ine ndikungofuna muyezowo usasowe basi. Ndikulakwitsa pati?

mkulu_wa_DTD: Ziwirizo siziyendera limodzi achimwene. Default imagwira attribute ikasowa, ndiye mukati required isowa bwanji? Sankhani chimodzi. Ngakhale mu ATTLIST, molembamo ma attribute mu DTD (schema yachikale ya XML), simungalembe #REQUIRED n'kuikanso default. Ngati ndi kg nthawi zonse, required ndi fixed="kg" zimalolana.

element_basi: Muyezo ndi data, ipangeni child element. Attribute imangotenga simple type, siibwerezeka pa element imodzi, mawa muzalira.

wa_backend: Mafailowo amatumiza ndi a client bwana, sindingasinthe kapangidwe kake

zausiku: Default yo samalani nayo, inandigoneka pa ofesi ine. Tinaika default pa attribute ina, ku test zonse bwinobwino, kupita ku production service inayo inkawerenga XML osadutsa pa schema, attribute kulibe, null paliponse, malipoti kutuluka opanda kanthu. Mtengo wa default umalowetsedwa ndi parser imene ikuchita validate, mu failo mulibemo. Tinasaka masiku awiri tikukayikira database yosalakwa. Ine chichokereni tsiku limenelo ndimaika required, wotumiza alembe yekha.

element_basi: Mwaona? Ikanakhala element sizikanachitika.

zausiku: Zikanachitikabe akulu, default ya element nayo imadalira schema, ndipo imagwira element ikakhalapo koma ili yopanda kanthu, osati ikasoweratu.

mkulu_wa_DTD: Chinanso, attribute yo musaitulutse kukhala global n'kumaiitana ndi ref ngati muli ndi targetNamespace, idzafuna prefix ndipo mafailo onse a client adzagwa. Isiyeni local, attributeFormDefault musaikhudze. Ndipo mukafika pa ma id, xs:ID siyamba ndi nambala, ambiri amapsa pamenepo.

element_basi: Ine ndikubwerezabe, kambiranani ndi client yo asinthe.

wa_backend: Nanga nditafuna kuti muyezo ukhale required pokhapokha attribute ina ikakhala yakutiyakuti?

zausiku: Imeneyo ndi xs:assert, ya XSD 1.1 yomwe inatuluka 2012. Koma xmllint, chida china chochitira validate, imathera pa 1.0, ndiye yambani mwafunsa kuti mbali inayo akuchita validate ndi chani musanalembe. Mukugwiritsa Xerces iti, ija ya 1.1 kapena yobwera ndi JDK ya Java?