Kodi kvass ndi thobwa la ku Russia kapena ndi mowa woubisa dzina?

Mayi wa ku Chirimba analemba:

Moni nonse. Mwana wanga wamkazi wapeza malo a sukulu ku Russia, akukaphunzira udokotala, ndipo anyamuka mu September. Kwathu mowa sitiukhudza. Ndi momwe tinakulira, ndi momwenso mpingo wathu umaphunzitsira, ndipo mwanayo sindikumukayikira ayi. Chandisowetsa mtendere n'choti mlamu wanga akuti kumeneko ngakhale ana amamwa chakumwa chosasitsa chotchedwa kvass, ati amagulitsa mumsewu ngati thobwa la pa depoti. Inu amene munakhalako tandiuzani: chimenechi n'chiyani kwenikweni? Nanga munthu wosamwa akapita kocheza, patebulo pamakhala chiyani choti n'kumwa? Kuno timangomva za vodka basi.

Wakale wa ku Voronezh anayankha:

Amayi, mtima pansi. Ine ndinaphunzira ku Voronezh, mzinda wa ku Russia komweko, sindimamwa, ndipo ludzu silinandiphe. Za vodka zija n'zoona, alipo amene amamwa moopsa, koma chimene munthu wa ku Russia amamwa tsiku ndi tsiku, m'mawa, masana, usiku, ndi tiyi.

Ndiyambe ndi kvass poti ndiye wakuvutitsani. Alamu anu sananame. Amapangidwa ndi buledi wakuda wa mbewu yotchedwa rye. Agogo amene ndinkachita lendi kwawo ankadula buledi wotsala, n'kumuumitsa mu uvuni mpaka atachita ngati wapserera, n'kumuthira madzi owira. Akazizira ankasefa, n'kuthira shuga, kayisiti pang'ono ndi timphesa touma, kenako n'kuika m'botolo la malita 3 lija limapezeka m'nyumba iliyonse kumeneko, kukamwa kwake atamangako kansalu. Botololo linkakhala pawindo tsiku limodzi kapena awiri, mphesa zija zikukwera ndi kutsika chifukwa cha thovu, kenako n'kulowa mufiriji. Mtundu wake ndi wofiirira, fungo lake ndi la khoko la buledi, ndipo amatsekemera mowawasira.

Ndiye funso lanu lenileni. Inde, popeza ndi wosasitsa, muli kamowa. Lamulo la kumeneko limati kvass wogulitsa asapyole 1.2 peresenti, pomwe mowa wamba wa m'mabotolo umakhala 4 kapena 5. N'chifukwa chake amamuwerenga m'gulu la zoziziritsa kukhosi, ndipo mwana akhoza kugula osafunsidwa zaka. Ine ndimamuona chimodzimodzi thobwa: la lero ndi chakumwa cha aliyense, koma mukalisiya ligonere masiku limasanduka zina. Kvass wofulula kunyumba akamuiwala pamalo otentha amakula mphamvu. Wam'sitolo alipo wa mitundu iwiri. Wina ndi wosasitsadi. Wina ndi madzi a gasi ongothira manyuchi a kvass, ndipo pabotolo amalemba kuti kvasnoy napitok. Eni dziko amaunyoza wachiwiriyu kuti ndi wabodza, komatu kwa mwana wanu mwina ndiye wabwino ngati chikumbumtima chake chikukana ngakhale kadontho.

Ndi chakumwa chakalekale. Mbiri yawo yolembedwa imanena kuti m'chaka cha 996 mfumu Vladimir ya ku Kyiv inalamula kuti osauka awagawire chakudya ndi kvass wa m'migolo. Nthawi ya Soviet Union ankamugulitsa m'matanki achikasu a matayala awiri oimikidwa pakona, mayi wovala epuloni atakhala pampando kutsogolo kwa mpope. M'matauni ena matankiwa amatulukabe nyengo yotentha, kuyambira cha mu May mpaka August. Amamuthiranso mu chakudya: okroshka ndi nkhaka, mbatatesi yophika, mazira, soseji ndi masamba onunkhira zoduladula, n'kuzimiza mu kvass wozizira. Ine chimenecho chinandikanika mpaka ndinabwerako, sindinama.

Koma monga ndanena, mfumu ndi tiyi. Mukalowa m'nyumba ya munthu, musanavule n'komwe jekete ketulo ili kale pamoto. Kapangidwe kake n'kosiyana ndi kathu. Mu kathipoti kakang'ono amaika masamba ambiri ndi madzi ochepa, n'kutuluka tiyi wakuda bii amene amati zavarka. Aliyense amathira pang'ono m'kapu mwake n'kusungunula ndi madzi owira mmene akufunira. Mkaka sathira kawirikawiri. Amaikamo kachidutswa ka ndimu, ndipo pambali pamakhala kambale ka varenye, jamu wophika kunyumba wa zipatso zathunthu, amene amadya ndi sipuni uku akupsontha tiyi. Mwana wanu asadabwe akadzaona munthu akudya jamu popanda buledi.

Tiyiyu anafika ku Moscow mu 1638 ngati mphatso yochokera kwa mfumu ina ya ku Mongolia kupita kwa Tsar Mikhail, mfumu ya ku Russia, ndipo pangano la Kyakhta la 1727, la pakati pa Russia ndi China, litachitika anayamba kubwera wambiri kuchokera ku China pa ngamila. Samovar, chiketulo chachitsulo chokhala ndi paipi ya makala pakati ndi kampope kumunsi, kwawo kwenikweni ndi mzinda wa Tula. Masiku ano m'nyumba zambiri yangokhala yokongoletsa pamwamba pa kabati, ntchito ikugwira ndi ketulo yamagetsi. Kumene mwambo ukadali wamoyo ndi m'sitima zapamtunda zoyenda usiku. Kumapeto kwa bogi iliyonse kuli thanki ya madzi owira, ndipo mayi woyang'anira bogiyo amakubweretserani tiyi mu tambula yagalasi yoikidwa m'chogwirira chachitsulo, podstakannik, kasipuni kakulira ngwe ngwe ngwe usiku wonse sitima ikamagwedera.

Ku kantini ya pasukulu adzapeza matambula atandandalikidwa kale pathireyi, pansi pake pali zipatso zomira. Ameneyo ndi kompot, zipatso zowiritsa m'madzi ambiri ndi shuga, basi. M'chilimwe amayi a kumeneko amatseka mabotolo ambirimbiri a kompot wa matcheri, maapozi ndi mapulamu kusungira dzinja lawo la chisanu. Palinso mors, wofiira ndi wowawasa, wa tizipatso ta m'madambo totchedwa klyukva. Amafinya madzi ake n'kuika padera, makoko n'kuwiritsa, kenako n'kuphatikiza. Ukadwala chimfine aliyense amakuuza kuti umwe mors wofunda. Zonsezi mulibe mowa ngakhale pang'ono.

Chomaliza, mumuuze kuti azigogo a kumeneko amadana ndi zozizira. Akakuona ukumwa madzi a mufiriji mu January amakukalipira ngati mdzukulu wawo, ati pakhosi padwala.

Mlongo wa ku Kharkiv anayankha:

Achimwene a ku Voronezh afotokoza bwino, koma aiwala zamkaka, ndipo kwa ine zimenezo ndiye zinandisunga. Ine ndinali ku Ukraine mpaka nkhondo ya 2022 itatithamangitsa. Mu sitolo iliyonse, kaya ku Ukraine, ku Russia kapena ku Poland kumene tinathawira, shelefu ya mkaka wosasa ndi yaitali kuposa ya mkaka wamba.

Kefir ndi mkaka wosasa wamadzimadzi, wothetheka pang'ono palilime. Unachokera kumapiri a Caucasus. Anthu amamwa tambula imodzi asanagone, ati imakonza m'mimba, ndipo m'zipatala ndi ku sukulu zamkaka amapereka. Amayi, poti mwafunsa moona, nanenso ndiyankhe moona: kefir amasasitsidwanso ndi tizilombo ta yisiti, choncho muli kamowa kochepetsetsa, kochepera ka mu kvass. Sindinaonepo munthu ataledzera naye.

Amene ndimamusowa mpaka lero ndi ryazhenka. Mkaka amauika mu uvuni pamoto wochepa kwa maola ambiri mpaka usanduke wofiirira, kenako n'kuusasitsa. Ndi wokhuthala, sawawasa kwambiri, ndipo amamveka ngati muli shuga wopsereza pomwe sanathiremo kanthu. Pamsika amayi a kumudzi ankamugulitsa m'matambula, pamwamba pali chikhungu chabulauni, ndipo anzanga a ku Ukraine ankalimbirana chikhungucho.

Kompot wa ku Ukraine wa zipatso zouma amatchedwa uzvar. Amaikamo maapozi, mapulamu ndi zipatso zina zotchedwa hrusha (zonga apozi koma zosongoka kumutu, osati mapeyala athu aja), nthawi zambiri zoumitsa pautsi, n'kutsekemeretsa ndi uchi. Ukamwa koyamba umadabwa kuti chakumwa chikununkha nkhuni. Pa mgonero wa usiku wolowera Khirisimasi, pamene amaika zakudya 12 zopanda nyama, uzvar sasowa, pambali pa kutia, tirigu wophika wosakaniza ndi uchi ndi njere za duwa lotchedwa popi.

China chodabwitsa ndi madzi a mtengo wa birch. Chisanu chikamasungunuka mu March ndi April amaboola thunthu, n'kuika kapaipi, madzi n'kumadontha m'botolo. Amaoneka ngati madzi wamba, kutsekemera kwake n'kongomvera patali. Anthu a ku Belarus ndiye amawakonda zedi. Kisel yekha ndiye sindingamuyamikire: madzi a zipatso okhuthalitsa ndi sitachi wa mbatatesi, osadziwika ngati n'chakumwa kapena phala. Ena amamukonda, ine ayi.

Mkulu wa mpingo, Kasungu, anayankha:

Ndawerenga zonse, zikomo ana anga. Koma ine nkhawa yanga ili pa 1.2 ameneyu. Thobwa lathu timadziwa amene waphika ndi tsiku limene waphika. Mwana ali kutali, zilembo za pabotolo sakuzidziwa, adzasiyanitsa bwanji? Ndikanakhala ine ndikanamuuza kuti azimwa tiyi ndi kompot yemweyo, za kvass azisiye. Palibe amene anafa chifukwa chosalawa.

Wakale wa ku Voronezh anayankhanso:

Abambo, mwanena zomveka, ndipo akasankha kutero palibe amene adzamuseke. Ndinali ndi anzanga Asilamu a ku Tatarstan ndi ku Dagestan. Ena ankamwa kvass, ena ankakana, ndipo nkhaniyi ankakambirana okhaokha monga tikuchitira panomu. Zilembo adzaziphunzira msanga, chifukwa chaka choyamba ophunzira akunja ambiri amathera pa chilankhulo.

Koma ngati tikuopa kupunthwa, mwala suli pa kvass. Mayina awiri awa awasunge. Loyamba ndi medovukha. Amapanga ndi uchi, amagulitsa m'mabotolo okongola m'malo okopa alendo ngati ku Suzdal, amatsekemera ngati juwisi, koma ndi mowa weniweni, mphamvu yake ngati ya mowa wa m'mabala. Asausokoneze ndi sbiten, amene ndi madzi otentha a uchi ndi zonunkhiritsa, ndipo ngakhale ameneyo afunse kaye chifukwa ena amamugulitsa wosasitsa. Lachiwiri ndi kumis, mkaka wa hatchi wosasitsa umene amamwa ku Bashkortostan, ku Kazakhstan ndi ku Kyrgyzstan. Umenewo mphamvu yake imatha kupyola ya kvass. Akafuna zamkaka za mbali imeneyo atenge ayran, yogati wosungunula ndi madzi ndi kamchere.

Za m'mabotolo nazo zilipo zambiri. Tarkhun ndi wobiriwira ngati utoto, wa zitsamba zotchedwa tarragon, ndipo anamuyambitsa ndi Mitrofan Lagidze wa ku Kutaisi ku Georgia cha m'ma 1880. Baikal ndi wakuda, anamupanga m'ma 1970 kuti dziko likhale ndi chake m'malo mwa zakumwa za ku America, ndipo amamveka fungo la zitsamba ndi mitengo ya paini. Dyushes ndi wa zipatso za hrusha zija achemwali atchula, wotsekemera kwambiri. Coca-Cola inaimitsa malonda ake ku Russia mu 2022, ndiye m'mashelefu ambiri adzaona Dobry Cola pamalo pake.

Achenjerenso pogula madzi, osati chifukwa cha mowa koma mchere. Borjomi wa ku Georgia ndi Essentuki, makamaka wolembedwa nambala 17, ndi madzi a m'akasupe okhala ndi mchere ndi soda wambiri, ndipo anthu amamwa ngati mankhwala a m'mimba. Munthu waludzu akagula botolo lalikulu n'kupapira, nkhope imasintha. Ayang'ane olembedwa kuti negazirovannaya, amenewo ndiye opanda gasi. A pampope ambiri amayamba awiritsa kapena kusefa.

Mayi wa ku Chirimba anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndamuwerengera mwana ndipo mayina aja walemba m'kabuku. Akuti kvass akaona komweko, koma ryazhenka ndiye akufuna kukayamba nayo. Funso lina laling'ono: ndimafuna kumulongedzera masamba a tiyi, kodi n'kutaya malo m'chikwama?

Mlongo wa ku Kharkiv anayankhanso:

Mulongedzereni amayi. Tiyi kumeneko ngwambiri, wa ku India, Sri Lanka ndi Kenya, koma wa ku Thyolo kapena Mulanje sadzamupeza pashelefu. Kumeneko supita kunyumba kwa munthu chimanjamanja, ndipo paketi ya tiyi wa kwanu ndi mphatso imene amailandira ndi manja awiri. Mugule wamasamba, osati wa timatumba, chifukwa zavarka amapangira wamasamba. Mapaketi ang'onoang'ono angapo aposa limodzi lalikulu, kuti adzathe kugawa.