Gulu la banja: dimba la amayi ku Chikwawa

Chisamba (Rosettenville, ku Joni): Mwaswera bwanji nonse. Ndalankhula ndi amayi usiku. Chimanga cha kumunda chapsanso, chomwe chili m'nkhokwe sichifika Disembala. Chiyambire 2024, pomwe boma linalengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi ya chilala, ife ntchito ndi kutumiza ndalama za ufa basi. Tiyeni tikonze dimba lija la kumtsinje wa Mwanza, amayi ndi alamu azilima m'chilimwe.

Malume (Mayfair): Mwaganiza bwino ana inu. Tisonkhe, tiitane amakina akumbe mjigo wozama, tiikepo pampu ya sola, nkhani ithe.

Achemwali (Diepsloot): Pepani amalume, mjigo ine ndikuuopa. Kuchigwa kuja madzi apansi malo ambiri ndi amchere. Mwaiwala mjigo wa pafupi ndi tchalitchi, uja tiyi wake samweka? Mukathirira ndi madzi otero, dzuwa limamwa madziwo, mchere n'kutsala pamwamba mbee ngati phulusa. Zaka ziwiri zitatu, nthaka ija sidzabalanso. Ndipo amakina amalipidwa ngakhale apeze amchere.

Malume (Mayfair): Nanga tithirira ndi chiyani, mayi?

Alamu (kumudzi): Ndiyankhepo amalume, poti ndine ndili pompano. Mtsinje ukauma pamwamba, pansi pa mchenga madzi amakhalapo, abwinobwino. Chitsime chathu cha kudimba sichinaphwepo, koma kuyambira Okutobala chimachedwa kudzaza. Ndikatunga m'mawa ndimadikira mpaka madzulo. Mukabweretsa pampu yaikulu ingokoka matope, ipsa. Chofunika ndi kuzamitsa chitsimecho, kuchimangira kuti mchenga usagumukiremo, pampu yaing'ono, ndi thanki pamwamba kuti madzi azitsika okha m'mapaipi.

Mzime (Yeoville): Koma achimwene, si kuli ngalande yaikulu ya Shire Valley ija yochokera ku Kapichira? Bwanji osadikira?

Chisamba (Rosettenville): Imeneyo ndi ya minda ikuluikulu, alimi amaphatikiza malo awo n'kupanga kopaletivi, monga anachitira a ku Phata ndi nzimbe. Ikadzafika kwathu tidzakambirana. Amayi akufuna ndiwo ndi chimanga chaka chino.

Achemwali (Diepsloot): Chinanso, tisamange chilichonse cha simenti m'mphepete mwenimweni. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakwirira madimba a anthu ndi mchenga, zitsime zinasowa pomwe zinali. Mapanelo akhale onyamulika, mvula ikayamba azikasungidwa kunyumba. Ndi mbava zomwe, sola yogona kudimba siichedwa kupeza mwini wina.

Alamu (kumudzi): Zoona achemwali. Ndiye musayembekezere kuti tithirira dimba lonse. Madzi aja akwanira theka, mwina kuchepera. Tikonza mabeseni, tiphimbira ndi mapesi kuti chinyontho chisathawe, kuthirira kukhale kwa m'mamawa ndi madzulo okha. Ine ndikuti chimanga chocha msanga, nyemba pakati, mbatata kumunsi konyowa, mpiru pang'ono pafupi ndi thanki.

Mzime (Yeoville): Tomato ndiye ali ndi ndalama ku Nchalo alamu.

Alamu (kumudzi): Ali nazo, koma amamwa madzi tsiku ndi tsiku, mankhwalanso osalekeza. Chimanga chomwecho ntchemberezandonda zikutivuta kale. Tomato chaka chamawa, tikaona mphamvu ya chitsime.

Malume (Mayfair): Chabwino, za mjigo ndazisiya. Koma mverani ichi. Mchenga umenewo si wathu tokha. Kumunsi kuli zitsime za anzathu othirira ndi makeni, ena amamwetsa ng'ombe pomwepo. Ife tikamapopa tsiku lonse, zawo zitsika, mlandu ugwera mlongo wanga amene amakhala nawo, ife tili phee ku Joni. Alamu, musanakumbe kaonaneni ndi anyakwawa pamodzi ndi eni madimba oyandikana, mugwirizane maola opopera. Kumunda wa mvula nako muuzeni mlongo wangayo abwezeretse mapira, makolo athu sanali opusa.

Mzime (Yeoville): Pampu ndigule kuno nditumize pa basi? Ndili ndi mnzanga akunyamuka ku Park Station mwezi wamawa.

Achemwali (Diepsloot): Ayi iwe. Idutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete, ikafike yosweka tidandaulira ndani? Tigule ku Blantyre, komwe zipangizo zake zikupezeka ikawonongeka.

Chisamba (Rosettenville): Ndagwirizana nazo. Tiyambe ndi R600 aliyense pakutha pa mwezi, mutumize kwa achemwali, iwo atumiza pa Mukuru. Yoyambayi ndi ya chitsime ndi mpanda wotchinga ng'ombe. Pampu tigula alangizi akaona malowo. Alamu, mawa kapopeni chitsime chiphwe, muone chitenga maola angati kudzaza, mutiuze.

Alamu (kumudzi): Mawa kuli maliro kwa anyakwawa. Ndichita Lachinayi, zithunzi nditumiza netiweki ikalola.