Thandizeni abale, zomwe ndalemba za Don Williams pa Wikipedia wina akungondifufutira

Membala wobisa dzina: Odi agulu. A admin chonde mubise dzina langa, akuntchito alimo ambiri muno. Ine nyimbo za country ndinayamba kuzikonda ndili mwana. Malume anga anali ndi makaseti a Don Williams, woimba country wa ku America uja, odzaza chikwama, koma atamwalira abale anagawana onse, ine osandisiyira ndi imodzi yomwe, chonsecho bokosi ndinagula ndine. Sabata yatha ndinati ndiwonjezereko pa mbiri ya Don Williams pa Wikipedia, tsamba la pa intaneti lomwe aliyense amatha kulembapo. Ndinachezera mpaka 1 koloko usiku, magetsi atazima, bandulo yake ndinagulira ndalama ya ndiwo. Mayi akunyumba mpaka lero andikwiyira, akuti ndimacheza ndi akazi pafoni. Kutacha ndinapeza wina wafufuta zonse. Ndinabwezeretsa, wafufutanso. Ndabwezeretsanso kawiri lero lomwe. Kodi ndi nsanje, kapena chifukwa ndine Mmalawi? Nditani?

Mphunzitsi wopuma: Achimwene, za makaseti tamva, za mayi tamva. Koma munalemba chiyani, ndipo munachitenga kuti?

Mdala wa gumbagumba: Kutaya nthawi! Don Williams ndi mwana wadzulo. Mwini wake wa country ndi Jim Reeves basi. Munthu anabadwa 1923, anafika mpaka ku South Africa mu 1962, n'kuimba ngakhale m'Chiafrikaans. Ife tinkapolisha nsapato Lamulungu m'mawa wailesi ikumuika ameneyo. Lembani za Jim Reeves muone ngati wina angafufute.

Make mapasa: Ine ndili mbali ya mayiwo. Ndalama ya ndiwo mwapatsa mzungu woti anamwalira kalekale, ana adye Wikipedia? Anga nawo anayamba choncho, ati ndikuwerenga nkhani za mpira. Mpira wake lero uli ndi ana awiri ku Mchesi.

Kamnyamata ka kabaza: Don Williams si uja anafa pa ngozi ya ndege?

Mdala wa gumbagumba: Mukuwaona ana a masiku ano? Wa ndege ndi Jim Reeves, pa 31 Julayi 1964, pafupi ndi Nashville, ndege akuyendetsa yekha. Uzifunsa akuluakulu iwe, osamangobwebweta.

Mphunzitsi wopuma: Pamenepo madala mwalondola. Don Williams anabadwa pa 27 Meyi 1939 ku Floydada, Texas, n'kumwalira ndi matenda a m'mapapo pa 8 Sepitembala 2017 ku Mobile, Alabama, ali ndi zaka 78. Mu Country Music Hall of Fame, momwe amalemekezera akatswiri a country, analowa mu 2010. Ngati mwafunsa inu munasokoneza awiriwa monga wachitira mnyamatayu, wofufutayo sanalakwe.

Mlongo wa ku Harare: Madala musanyoze. Don Williams anabwera kuno mu 1997, konsati yake anaijambula pa vidiyo, mpaka pano ilipo. Bambo anga anapitako, anabwera kunyumba mawu atatha. Anzanga a Chishona amandiseka kuti country ndi nyimbo za ife Amalawi, koma tsiku limenelo anadzaza ndi iwowo.

Mdala wa gumbagumba: 1997? Jim Reeves anali ataponda kale Africa zaka 35 zapitazo. Kutsatira m'mapazi basi.

Wophunzira wa kompyuta: Bwana, musabwezeretsenso lero. Pa Wikipedia ya Chingerezi ukabweza zosintha za anzako koposa katatu m'maola 24 akhoza kukutseka, ndipo inu mwafika kale pa katatu. Tsegulani View history, pomwe pamaoneka zonse zomwe zasinthidwa pa tsambalo, wofufuta nthawi zambiri amalemba chifukwa chake pamenepo. Kenako mukamufunse mwaulemu pa tsamba la Talk, pomwe olemba amakambirana. Komanso simunatiuze ngati ndi Wikipedia ya Chingerezi kapena ya Chichewa.

Mbadwa ya ku Ntcheu: Anthu amenewa ngankhanza. Ine ndinalemba mbiri ya agogo anga, munthu woti anapha kambuku ndi nthungo mudzi wonse ukuona. Anafufuta tsiku lomwelo, ati palibe buku kapena nyuzipepala yomwe inalembapo. Kumudzi kwathu mtolankhani akanachokera kuti?

Wophunzira wa kompyuta: Pepani ankolo, koma lamulo lake ndi lomwelo. Amafuna zomwe wina angakatsimikize m'buku kapena m'nyuzipepala yodziwika. Za pa Facebook sawerengera. Kukopera ndime za eni ake osasintha mawu nakonso amafufuta.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, kupatula mayi mwanena za ndiwo, simukudziwa zomwe ndikudutsamo m'banja muno. Zomwe ndinalemba ndi zoona, anandiuza ndi malume pamaso, ndipo malume sankanama. View history ndaifuna pafoni sindikuiona.

Mphunzitsi wopuma: Anakuuzani chiyani malumewo? Kachiwiri kano tikufunsa.

Mdala wa gumbagumba: Malume oti analibe kaseti ya Jim Reeves ndi imodzi yomwe, mungawadalire bwanji?

Make mapasa: Bambo, pitani mukagule usipa kaye, mukapepese. Malume sangabwere kudzaperekera umboni.

Kamnyamata ka kabaza: Nanga Kenny Rogers uja alipo?