Kodi dzina loti Swindon linabwera ndi njanji?

Nachisale:
Akuluakulu, tauni ya Swindon, m'chigawo cha Wiltshire ku England, imadziwika ndi sitima za pamtunda. Kodi dzinali anatcha ndi a kampani ya njanji, kapena linalipo kale? Nanga limatanthauza chiyani?

Mbewe:
Mayi Nachisale, njanji inapeza dzinali lili kale. M'kaundula wa minda ndi midzi ya ku England wotchedwa Domesday, wa mu 1086, analemba kuti Suindune. Ndi mawu awiri a Chingerezi chamakedzana: swīn, kutanthauza nkhumba, ndi dūn, chitunda chotambalala pamwamba pake. Choncho Swindon ndi chitunda cha nkhumba. Chitundacho chilipo mpaka pano, ndi pamene pali dera lakale la tauniyi lotchedwa Old Town. Ena amati gawo loyamba ndi dzina la munthu, Sweyn, koma akatswiri ambiri a mayina a malo amatsamira ku nkhumba, ndipo inenso ndikuona kuti n'zomveka.

Nangondo:
A Mbewe anena zoona, koma chenjerani ndi "-don" ameneyu, amasokeretsa anthu ambiri. Croydon amathera chimodzimodzi, komatu gwero lake ndi denu, chomwe ndi chigwa. Mukatengera kalembedwe ka lero mudzaika chitunda pamene pali chigwa. Yambani mwapeza kalembedwe kakale kwambiri m'zikalata, muone ngati kakuthera ndi -dune kapena -dene, kenako muyang'ane mapu ngati malowo alidi okwera. Musasokonezenso Swindon ndi Swinton. Nkhumba ndi zomwezo, koma tūn ndi mudzi kapena famu.

Kalua:
Mbali ya njanji ili chonchi. Mu 1840 Daniel Gooch, woyang'anira mitu ya sitima ku kampani ya njanji ya Great Western Railway, analangiza injiniya wamkulu wa kampaniyo, Isambard Kingdom Brunel, kuti kampaniyo imange pamenepa malo okonzera mitu ya sitima. Ndi pomwe njanji yopita ku Cheltenham inkapatukira, komanso kuchokera apo kulowera ku Bristol njira imayamba zitunda, motero pankafunika kusintha injini. Malowo anayamba kugwira ntchito mu 1843, m'munsi kumpoto kwa chitunda chija, ndipo kampani inamangira antchito ake nyumba zamiyala pafupi ndi siteshoni. Mudzi watsopanowo anangobwereka dzina la oyandikana nawo n'kumautcha New Swindon. Matauni awiriwa anayenda payekhapayekha mpaka 1900 pamene anawaphatikiza. Fakitaleyo inatsekedwa mu 1986, ndipo m'nyumba ina yakale ya fakitaleyo muli malo osungira mbiri ya njanji otchedwa STEAM.