Tinagona ndi mbaula m'chipinda, ana adzuka akusanza

Mayi wa ku Dómuè:
Abale, ndithandizeni nzeru. Mukudziwa mmene June amazizirira kuno ku Angónia. Dzulo nditaphika nsima ndinalowetsa mbaula kuchipinda, makala ali psuu, mpata wa pansi pa chitseko n'kutsekapo ndi chitenje chakutha. Cha m'ma 4 koloko ndinadzidzimuka mutu ukuwawa ngati ung'ambika. Wamkulu anali atasanza pamphasa, wamng'ono wa zaka 3 ali lefuu, kumugwedeza osayankha. Ndinawakokera panja, patapita kanthawi anatsitsimuka. Apongozi akuti ndingowamwetsa mkaka. Panopa akusewera. Kuchipatala ndipitebe?

Namwino wa ku Tete:
Pitani lero lomwe, mayi, inunso akakuoneni. Umenewo ndi mpweya wa carbon monoxide, umachuluka makala akamayaka m'nyumba yotseka. Suoneka, sununkha. Umamatirira m'magazi kuposa okosijeni ka 200 n'kupitirira, ndiye ubongo ndi mtima zimasowa mpweya. Mkaka suuchotsa. Mankhwala ake ndi okosijeni wa pa masiki: popanda iye, theka la poizoniyo limatha patapita maola 4 kapena 5, koma naye ndi ola limodzi kapena ola ndi theka. Mukangofika tchulani za mbaulayo musanafunsidwe, chifukwa mutu ndi kusanza aliyense amathamangira kuyeza malungo. Ndipo kachipangizo kopana chala koyezera okosijeni m'magazi kaja kasakunamizeni, kakhoza kuonetsa 98 mwana ali ndi poizoni m'thupi.

Bambo wa ku Tsangano:
Ife takulira mbaula yomweyi. Nkhani n'kudikira utsi uthe kaye panja, kenako n'kulowetsa.

Namwino wa ku Tete:
Pepani bambo, pamenepo ndiye pamene anthu amapusitsikira. Utsi umatsokomoletsa, munthu n'kudzuka. Makala ofiira opanda utsi aja amapha mwakachetechete anthu ali m'tulo. Mayi, ndinaiwala: ngati muli oyembekezera nenaninso, mwana wa m'mimba amavutika nawo kuposa mayi ake. Wamng'onoyo muzimuyang'anitsitsa masabata akubwerawa. Akayamba kudzandira, kuiwalaiwala kapena kusintha khalidwe, bwererani naye.

Mayi wa ku Dómuè:
Tapita pa njinga yamoto. Wamng'ono amuika pa okosijeni, akulimbana ndi masiki kuti aivule. Bambo awo ndawatuma akagule bulangeti lina ku Ulongué. Apongozi abwera ndi mkaka wawo uja m'botolo, ndangowalandira.