Mwana wanga amulembera mankhwala a ADHD, ndiyambe kumumwetsa kapena ndisiye?

NaBanda_Leicester

Moni nonse apa. Nkhani iyi ikundisowetsa tulo, amene mukudziwa chonde ndithandizeni. Ndimakhala ku Leicester kuno ku UK, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 8, ndipo chiyambireni sukulu aphunzitsi amangondiitana, akuti sakhala pampando, amadula anzake pakamwa, ntchito akayamba samaliza, juzi ndi botolo la madzi nde amangotaya. Kunyumba nchimodzimodzi, ukamutuma supuni kukhitchini umakamupeza pansi pa tebulo akuseweretsa zina waiwala kalekale. Koma mutu uli bwinobwino, masamu amawathyola akafuna. Chomwe chikundipweteka nchakuti anzake ayamba kumusala, tsiku lina anandifunsa kuti amama ine ndine woipa eti?

Tinadikira nthawi yaitali, kenako dokotala wa ana atamuona nkufunsa ife makolo komanso aphunzitsi wanena kuti ndi ADHD, vuto loti mwana amalephera kukhazikika, kuika maganizo pa chinthu chimodzi komanso kudziletsa. Zomwe anatiuza tayesa, kumukhazika kutsogolo mkalasi, kumugawira ntchito pang'onopang'ono, ine ndinapita ku maphunziro a makolo aja, zasinthako koma pang'ono zedi. Pano akuti tiyese methylphenidate, ayambe ndi 5mg. Nditamva kuti ndi controlled drug, mankhwala aja omwe boma limawaikira malamulo okhwima, mtima unangoti myuu. Bambo ake akukana, apongozi anga ku Ntcheu pafoni akuti mubweretseni kuno chaka chimodzi awongoka yekha. Nde ndifunse, sadzakhala kapolo wa mapilisi amenewa? Sazimupusitsa nkumangokhala duu? Nanga mwana wojijirika kale nkumupatsanso mankhwala odzutsa thupi, zikugwirizana bwanji?

Malume_wa_ku_Mbayani

Mlongo wanga, ine ndinena mmene ndikuonera, musandimve molakwa. Tonse tinakula ndi ana otere, mkalasi mwathu analimo, ankakwera mmitengo nthawi ya phunziro, lero ena ndi madalaivala ena ali ndi mashopu awo. Mwana wa zaka 8 ndi wosewera basi. Kunjako ana amakhala otsekeredwa mnyumba kukuzizira, alibe bwalo lothamangapo, nde mphamvu azithera kuti? Apongozi anuwo akunena zomveka. Ine mankhwala okhudza ubongo wa mwana ndimaopa, yambani mwamulowetsa mpira kaye komanso muchepetse foni ndi zotsekemera muone.

Mayi_a_mapasa_Joni

Asisi ndakumvani, ine ndadutsamo momwemo. Ndili ku Johannesburg, wanga ndi wamkazi, iye sankathamangathamanga koma ankangolota masana mkalasi, aphunzitsi akuyankhula iye maganizo ali kwina, makope opanda kanthu. Amamwa Concerta, mankhwala ake ndi omwewo a methylphenidate koma otuluka pang'onopang'ono mthupi, kamodzi mmawa basi mpaka madzulo. Kuno ali pa schedule 6, gulu la mankhwala a malamulo okhwima, mwezi uliwonse pamafunika pepala latsopano la dokotala, palibe zoti ukangotenganso wekha ku famase, nde zimatopetsa komanso ndalama zimapita ndisaname.

Zoti apusa ayi. Wanga akadali wolongolola yemwe uja, kusiyana kwake nkwakuti homuweki yomwe inkatitengera madzulo onse ndi misozi pano amaimaliza nkupita kukasewera. Vuto lomwe ndinaliona ndi chakudya. Lanchi imabwerera mmene ndinaikira, njala samaimva masana. Nde ndimachita kumudyetsa kaye mwamphamvu mmawa asanamwe, phala lothira chiponde, dzira, nthochi, ndipo madzulo mankhwala akatha mphamvu amadya ngati wachokera kumunda, ndimamusiya adye ngakhale nthawi yatha. Nthawi yomwe akutha mphamvuyo amakhalanso wokwiyakwiya kwa kanthawi, poyamba ndinkadabwa nazo.

Amalume, mpira ndi wabwino ndithu, wanganso amasambira, koma sunachotse vutolo. Ndipo ana aja ankakwera mmitengo ena anathera panjira sukulu atatopa ndi zikwapu, amenewo sitimawawerenga.

Nesi_Chembe

Mayi NaBanda, ine ndine namwino kuno ku UK, si ine dokotala wa mwana wanu nde zomaliza mukambirane ndi iwowo, koma mafunso anuwo ndiyankheko.

Ndiyambe ndi lija la kudzutsa thupi. Mu ubongo muli timadzi totumiza mauthenga, dopamine ndi noradrenaline, ndipo mbali yakutsogolo ya ubongo yomwe imamuuza munthu kuti dikira kaye, maliza ichi usanayambe icho, imadalira timeneti. Methylphenidate amachititsa kuti timadziti tisabwezedwe msanga, tikhalitseko pomwe tikugwira ntchito. Nde chomwe chikudzutsidwa ndi mbali yodziletsayo, nchifukwa chake mwana amakhazikika mmalo mojijirika kwambiri. Samupatsa nzeru zatsopano, samuphunzitsa khalidwe, zimenezo ndi zanu ndi aphunzitsi, amangomutsegulira mpata woti amve zomwe mukumuuza. Ana pafupifupi 7 mwa 10 alionse amathandizika nawo, ena ayi.

Mankhwalawa si atsopano, Ritalin wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira zaka za mma 1950. Malangizo a 2018 a NICE, bungwe lomwe limalangiza madokotala kuno, amanena kuti mwana wa zaka 5 kupita mtsogolo apatsidwe mankhwala pokhapokha mutayesa kusintha zinthu kunyumba ndi kusukulu koma vuto likumusokonezabe kwambiri, nde dokotala wanuyo watsata njira yake. Asanayambe ayenera kumuyeza sikelo, msinkhu, BP ndi kugunda kwa mtima. Apa ndikupempheni, funsani kumudzi konse kuwiri, kwanu ndi kwa bambo ake, ngati alipo wachibale amene anamwalira mwadzidzidzi ali wachinyamata chifukwa cha mtima, komanso muwauze adokotala ngati mwanayo anakomokapo akuthamanga kapena amadandaula pachifuwa. Ife zakumudzi zotere sitimazilemba, timangoti anangogwa, koma dokotala akufunika kudziwa. Akayamba, sikelo ndi miyezi itatu iliyonse popeza sanapitirire zaka 10, msinkhu miyezi 6 iliyonse, chifukwa kwa ana ena kukula kumachedwerako pang'ono.

Zoti angokhala duu, zikachitika ndiye kuti mlingo wachuluka kapena mankhwalawo sakumuyana, mukanene asinthe, musapirire. Nchifukwa chake amayamba ndi 5mg nkumakweza pang'onopang'ono. Mapiritsi wamba aja amagwira maola atatu kapena anayi nkutha, otuluka pang'onopang'ono monga Equasym XL ndi Medikinet XL pafupifupi maola 8, Concerta XL pafupifupi 12. Nde si chinthu choti mukayamba mwamangika, likamatha tsiku amakhala atatuluka mthupi, ndipo ngati simukuona phindu mumakambirana ndi dokotala nkusiya. Akapanda kuthandiza patatha masabata 6 pa mlingo woyenera amayesa lisdexamfetamine, dzina lake la pabokosi Elvanse, ndipo aliponso ena omwe si odzutsa thupi, atomoxetine ndi guanfacine.

Za ukapolo, ndi zoona kuti malamulo a kuno anawaika mu Class B, gulu la mankhwala oletsedwa kukhala nawo popanda pepala la dokotala, chifukwa akuluakulu ena amawagwiritsa ntchito molakwika. Koma mwana womwa pakamwa mlingo wa dokotala saledzera nawo, ndipo kafukufuku sanaonetse kuti kumwa mankhwalawa ali mwana kumamukankhira ku mankhwala ozunguza bongo akakula. Chofunika nkuwatsekera pamalo abwino, muzimupatsa nokha, asamayende nawo mchikwama. Amalume, za shuga zija anthu anazifufuza, sizinapezeke kuti ndi zomwe zimayambitsa ADHD, nthawi zambiri imayenda mmagazi.

Madamu_Std3

Ine ndingowonjezera za kumutumiza kumudzi, popeza ndimaphunzitsa pulayimale konkuno. Mayi, ganizani kawiri. Kalasi langa ana ndi oposa 100, ena amakhala pansi, mwana ngati wanuyo sindingathe kumukhazika kutsogolo nkumamugawira ntchito payekha ngakhale nditafunitsitsa. Ana oterewa tili nawo, si matenda a azungu ayi, kungoti kuno timawatcha nkhutukumve, osamva, ena mpaka amati anawalodza, amabwereza kalasi kenako amangosiya. Ena ndimawaona anasintha khalidwe atadwala malungo a mu ubongo, makolo amanena okha kuti asanadwale sanali chonchi. Thandizo lilipo ku zipatala zazikulu ngati Queens komanso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma kholo la kumudzi kuti likafike kumeneko ndi ulendo. Agogo ake amamukonda, nchifukwa chake akumuitana, koma chikwapu chingomuphunzitsa mantha ndi kubisa, kuiwala supuni kuja sikutha.

NaBanda_Leicester

Zikomo nonse, amalume inunso zikomo, mpira tamulembetsa kale ndipo apitiriza. Ndawawerengera bambo ake zomwe mwalemba anesi, sanavomere kwenikweni koma akuti apita nawo kwa dokotala akafunse okha, kwa ine chimenecho nchachikulu. Za mtima zija ndawaimbira amayi anga, mawa ndifunsa apongozi. Funso lina, Ogasiti tikufuna kupita kumudzi, ngati atakhala atayamba tingakwere nawo ndege mankhwalawa? Nanga pa holide azimwabe?

Nesi_Chembe

Mungathe kuyenda nawo koma konzekerani msanga. Pemphani kalata kwa dokotala yolemba dzina la mwana, dzina la mankhwala, mlingo, kuchuluka kwake ndi masiku a ulendo, mankhwalawo akhale mu bokosi lake lomwe lili ndi chizindikiro cha ku famase ndipo muwaike mchikwama chapamanja osati mu sutikesi. Funsaninso ku Malawi High Commission ku London kapena a PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala kumudzi, za malamulo olowera nawo, komanso dziko lomwe mukasinthire ndege, kaya ndi Addis Ababa kaya Nairobi kaya Johannesburg, chifukwa lililonse lili ndi malamulo ake pa mankhwala a gulu limeneli. Tengani okwanira ulendo wonse, musadalire kuti mukagula kumeneko, ndipo itanitsani nthawi ilipo chifukwa mu 2023 ndi 2024 mankhwala a ADHD ankasowasowa mmafamase kuno.

Zopumira pa holide makolo ena amachita, makamaka mwana akamatsika sikelo, kuti adye bwino abwezeretse thupi. Ena sapumitsa chifukwa vuto la mwana wawo silili kusukulu kokha, pamsewu ndi posewera ndi anzake limakhalaponso. Mukafunse dokotala tsiku lomwelo mukupita ndi bambo akelo. Ndipo sabata zoyambirira muzilemba mkakope nthawi yomwe wamwa, mmene wadyera, nthawi yomwe wagona ndi zomwe aphunzitsi anena, mukapite nako kokaonana nawo kachiwiri.